Mmene mafuta olakwika anatsalira pang'ono kundiwonongera mfuti ya malemu bambo

Bambo anga atamwalira mu 2021, pakati pa katundu amene abale anagwirizana kuti akhale m'manja mwanga panali mfuti yawo ya chifefe ya mpope umodzi, ya saizi ya 12 bore, imene ankaopsezera anyani ndi nguluwe kumunda kwathu ku Mpemba. Ndinatsata ndondomeko yonse ya ku polisi kuti chilolezo chikhale m'dzina langa monga lamulo limafunira, ndipo panapita miyezi ingapo kuti zonse zilongosoke. M'miyezi imeneyo ndinaphunzira zambiri za mapepala, za kutsekera mfuti pamalo oti ana sangafikepo, ndi za kusunga zipolopolo pazokha. Koma panalibe tsiku limene ndinafunsako munthu kuti chitsulochi chimatsukidwa ndi chiyani ndipo chimapakidwa mafuta anji, chifukwa mumtima mwanga ndinkati mafuta ndi mafuta basi, bola chitsulo chizinyezimira.

Pamodzi ndi mfutiyo panabwera kabokosi ka matabwa kamene bambo ankakasunga pansi pa bedi. M'menemo munali chingwe chachitali chokhala ndi kachitsulo kolemera kumapeto kwake, kabulashi kozungulira ka mkuwa, tinsanza ta nsalu ya thonje todulidwa bwino, ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera a Singer. Ndinaganiza kuti kabotoloko kanasokonekeramo, ndipo ndinakapereka kwa mayi a kunyumba kuti azithira m'makina awo. Kabokosiko ndinakaika pamwamba pa wadirobu ndi kukaiwala.

Kumayambiriro kwa 2022, nditawomba kawiri kumunda pothamangitsa anyani amene anali atayamba kuthyola chimanga chachiwisi, ndinabwerera kunyumba ku Chilomoni ndipo ndinaona kuti m'kati mwa mpope mwada ndi mwaye. Ndinatenga botolo la mafuta ophikira kukhitchini, ndinanyowetsa chinsanza, ndipo ndinapaka paliponse: pampope, m'kati mwake, pamene mfuti imathyokera, mpaka ndinadontheza ena m'kabowo kamene kamsomali komenya chipolopolo kamatulukira. Mfutiyo inawala ngati yatsopano ndipo mtima wanga unakondwa, poganiza kuti ndikusamala chuma cha bambo. Ndinachita zimenezi katatu kapena kanayi m'chaka chimenecho.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mafuta ochokera ku mbewu, kaya a soya, a mpendadzuwa kapena a mtedza, akakhalitsa pamphepo amasintha n'kusanduka zomata ngati ulimbo. Aliyense amene anayesapo kutsuka kunja kwa poto wokazingira mandasi amazidziwa zomata zofiirira zimene zimakanirira pamenepo, ndipo zomwezo n'zimene zinkachitika m'kati mwa mfuti yanga, m'malo amene diso silifika. Pofika mu Okutobala, nthawi yotentha ija fumbi likamalowa m'nyumba ngakhale mawindo ali otseka, chotsegulira mfuti chinayamba kulimba, ndipo pamafunika kukankha ndi chala mwamphamvu kuti mpope uthyoke. Mfuti yonse inkanunkha mafuta ovunda.

Ndinadandaulira msuweni wanga amene amakonza galimoto, ndipo iye, mwa mtima wabwino, anandipatsa petulo pang'ono m'kabotolo kuti nditsukire ndi oilo wakuda wokhetsedwa mu injini kuti ndipakire. Petuloyo anasungunuladi zomata za kunja, koma anachotsanso kunyezimira kwa thabwa la mfuti n'kusiya mawanga otuwa, ndipo poti ndinkagwirira ntchitoyi m'chipinda chotseka kuti ana asaone, mutu unandiwawa usiku wonse. Lero ndikakumbukira kuti kuseri kwa khoma lomwelo kunali mbaula ya makala yoyaka, thupi limachita tsemwe, popeza mpweya wa petulo umayenda pansi ndipo umatha kukagwira moto patali ndithu. Oilo wakudayo ndinamupaka mowolowa manja, osadziwa kuti oilo amene wagwira kale ntchito mu injini amakhala ndi mwaye, tizidutswa ta chitsulo, chinyezi ndi asidi, zinthu zimene munthu amafuna kuzichotsa pamfuti, osati kuziikapo. Kenaka ndinaiika mfutiyo m'thumba lake la chikopa lokhala ndi nsalu yofewa m'kati, ndi kuiimika mpope uli m'mwamba m'kabati yotseka imene inatsamira khoma la kunja.

Pa 12 ndi 13 Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwa pa Blantyre, ndipo zimene zinachitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche ndi m'madera ena tonse tikuzikumbukira ndi chisoni. Poyerekeza ndi anthu amene anataya abale ndi nyumba, zanga zinali zazing'ono kwambiri: khoma limodzi linamwa madzi, denga linadontha, ndipo nyumba yonse inakhala yachinyezi kwa milungu. Maganizo onse anali pa maliro, pa kuthandiza abale amene anasamukira kwathu, ndi pa kufunafuna madzi akumwa, choncho kabati ija sindinaitsegule mpaka pakati pa Epulo. Nditatsegula ndinapeza thumba lachikopa lachita nkhungu, ndipo nditasolola mfutiyo ndinaona dzimbiri lofiira litayala mbali yonse ya mpope imene inagona pansalu, komanso zidindo za zala zanga zitajambulika ndi dzimbiri pamene ndinaigwira komaliza. Ndinakhala pansi kwa kanthawi ndili chete, chifukwa bambo anaisunga mfutiyi zaka zambiri popanda banga, ndipo ine ndinali nditaiwononga m'zaka ziwiri zokha.

Mantha ndi manyazi zinandichititsa kulakwitsa kwina kumene sikungabwezedwe. Ndinatenga sandipepa ndi kukwecha dzimbiri lija mpaka chitsulo chinayera mbee. Ndinkayesa kuti mtundu wakuda umene umakhala pampope ndi penti yoti ndidzapakanso, chonsecho ndi kachikuto kopyapyala kwambiri ka dzimbiri la mtundu wina, lakuda, limene amalipanga dala ku fakitale, ndipo limateteza chitsulo pokhapokha likakhala ndi mafuta pang'ono pamwamba. Dzimbiri la pamwamba lokha limachoka popaka mafuta abwino, kudikira tsiku limodzi, kenaka kupukuta mofatsa ndi steel wool wosalala kwambiri wa nambala 0000, osati wotsukira mapoto, ndipo mtundu wakudawo umatsala. Nditamaliza kukwecha ndinapopera paliponse mankhwala a m'chitini ofewetsera zitsulo otchedwa WD-40 ndi kubwezera mfutiyo m'kabati, ndili ndi chikhulupiriro chakuti nkhani yatha.

Mu Meyi, chimanga chitauma ndipo anyani akutsika m'mapiri m'mamawa uliwonse, ndinapita kumunda ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wa zaka 16. Gulu la anyani litafika m'malire, ndinaika chipolopolo, ndinalozetsa mfuti kuchulu chimene bambo ankawomberako nthawi zonse, ndipo ndinakhethemula. Kunangomveka kaphokoso kofooka, koma mfuti sinalire. Mosaganiza n'komwe, ndinaitsitsa nthawi yomweyo ndi kuithyola kuti ndione chavuta, ndipo mphwangayo anasendera pafupi n'kuweramira pomwepo, nkhope yake ili pafupi ndi chipolopolo, akufunsa kuti, "Amalume, yakana?" Pachipolopolocho panali kachizindikiro kosazama, kusonyeza kuti kamsomali kanamenya koma mopanda mphamvu. Palibe chimene chinachitika, ndipo tinabwerera kunyumba bwinobwino. Koma nditafotokozera mnzanga wina amene anagwirapo ntchito ya usilikali, nkhope yake inasintha, ndipo anandiuza kuti chipolopolo chimene chamenyedwa nthawi zina chimachedwa kuphulika, choncho mfuti ikakana umayenera kuisiya italoza komweko kwa masekondi osachepera 30 usanaitsegule. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangoona nkhope ya mwana wa mlongo wanga itaweramira pamfuti yotsegula.

Mnzangayo ndiye anandilozera kwa mkulu wina wa ku Limbe amene anapuma pantchito yokonza mfuti za boma ndipo ndi wovomerezeka kugwira ntchitoyi. Ndinapitako kumayambiriro kwa Juni, tsiku la chiperoni, nditanyamula mfuti yopanda chipolopolo pamodzi ndi chilolezo changa, chimene mkuluyo anachiwerenga asanaikhudze n'komwe mfutiyo. Kenaka anaithyola, anayang'ana m'kati kuti atsimikize kuti mulibe kanthu ngakhale ndinali nditamuuza kale, anainunkhiza, ndipo anandifunsa kuti, "Mwananga, mwakhala mukuidyetsa chiyani mfutiyi?" Ndinaulula zonse mwa ndondomeko yake, kuyambira mafuta ophikira mpaka sandipepa. Sanandikalipire. Anangomasula zitsulo za m'kati n'kuziyala pansalu yoyera, ndipo ndinaona ndi maso anga kamsomali kaja ndi sipuling'i yake zitakutidwa ndi phala lakuda lolimba, losakanikirana mafuta ophikira ouma, oilo wakuda, fumbi la Okutobala ndi dzimbiri. Anati, "Safunsa anadya phula, koma inu phulalo mwadyetsa mfuti."

Tsiku limenelo ndinakhala pamenepo maola atatu, ndipo zimene ndinamva ndi zimene ndikanakonda kuzimva mu 2021. Mkuluyo anandifotokozera kuti pamfuti pali ntchito zitatu zosiyana, kutsuka, kufewetsa zitsulo zimene zimakhulana, ndi kuteteza ku dzimbiri, ndipo kulakwitsa kwanga konse kunachokera pa kuganiza kuti chilichonse choterera chimagwira ntchito zitatu zonsezi. Mankhwala otsukira ntchito yawo ndi kusungunula zimene kuwomba kumasiya m'mpope, zomwe pamfuti ya chifefe ndi mwaye wa wonga, mtovu, ndi pulasitiki yochokera ku kachikho kamene kamanyamula timipira ta mtovu m'chipolopolo. Anandionetsa kabotolo ka Hoppe's No. 9, mankhwala a ku America amene akhala akupangidwa kuyambira 1903, ndipo anati oterewa umanyowetsa nawo kansalu, kupititsa m'mpope, kudikira mphindi zingapo, kukwecha ndi bulashi ya mkuwa imene ndi yofewa kuposa chitsulo cha mpope, kenaka kupititsa tinsalu touma mpaka komaliza katuluke koyera. Mankhwala otsukira akauma amasiya chitsulo chili pambalambanda, n'chifukwa chake pambuyo pake pamafunika mafuta. Anandichenjezanso kuti pali mankhwala ena onunkha ammonia amene anapangidwira kuchotsa mkuwa m'mipope ya mfuti zoponya chipolopolo chimodzi cholimba osati timipira, kuti amenewo sasiyidwa nthawi yaitali m'mpope, ndipo pamfuti ngati yanga safunika n'komwe.

Za WD-40 anati vuto silinali la mankhwalawo koma la ine amene ndinawatuma ntchito imene si yawo. Dzina lake lenilenilo limanena za kuthamangitsa madzi, ndipo anapangidwa ku San Diego mu 1953 ndi cholinga chimenecho. Mfuti ikanyowa ndi mvula amathandiza kuchotsa madzi m'makona, koma gawo lalikulu limauluka n'kusiya mafuta opyapyala, choncho ukapopera uyenera kupukuta ndi kupakanso mafuta enieni a mfuti. Kwa ine anangofewetsa phala lija kwa masiku ochepa n'kulikankhira m'kati, kumene linakaumanso. Pa mafuta opangidwira mfuti anatchula a mtundu wa CLP, amene asilikali a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito chifukwa botolo limodzi limatsuka pang'ono, kufewetsa ndi kuteteza, komanso Ballistol wa ku Germany, amene anapangidwa mu 1904 ndipo sawononga thabwa kapena chikopa. Anati kwa munthu wowomba kawiri kapena katatu pachaka ngati ine, botolo limodzi la mafuta oterewa ndi lokwanira, ndipo girizi amangofunika kadontho kochepa ngati njere ya mapira pachitsulo chimene mpope umazungulirapo pothyoka.

Ndinamuuza kuti agogo anga aamuna ankatsuka gogodela wawo ndi madzi otentha n'kupaka mafuta a nsatsi, ndipo kuti mwina n'chifukwa chake ndinkaona ngati mafuta a kukhitchini alibe vuto. Iye anati pa madzi otentha agogowo ankachita zoyenera, chifukwa wonga wakuda wakale umasiya mchere umene umakoka chinyezi, ndipo mchere umasungunuka ndi madzi, osati ndi mafuta. Anati chimodzimodzinso zipolopolo zakale za asilikali za mfuti ya .303 zinkafuna kuti m'mpope muthiridwe madzi otentha tsiku lomwelo. Koma gogodela ali ndi zitsulo zochepa, zambiri zili poyera, ndipo mwini wake ankazipukuta kawirikawiri mafuta asanaume, pamene mfuti yanga ili ndi kamsomali kobisika m'kabowo kothina kamene kadontho kamodzi ka zomata kamakwanira kukachedwetsa. M'kabowo kameneko, anatero, ndi bwino kuti mukhale mouma kapena mongonyowa pang'ono kwambiri.

Kenaka anandifunsa ngati bambo sanasiye zipangizo zilizonse. Nditatchula kabokosi kaja, chingwe, bulashi ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera kamene ndinakapereka kwa mayi a kunyumba, anagwedeza mutu n'kunena kuti malemuwo ankadziwa zimene ankachita. Mafuta a makina osokera ndi opyapyala, oyera, ochokera pansi panthaka osati ku mbewu, ndipo savunda kapena kumata. Sateteza ku dzimbiri kwa nthawi yaitali ngati mafuta opangidwira mfuti, koma kwa munthu amene amapukuta mfuti yake pafupipafupi, monga ankachitira bambo, amagwira ntchito bwino ndipo amapezeka m'masitolo ambiri a ku Limbe ndi mu Blantyre. Anaonjezera kuti pochotsa mafuta akale pazitsulo zomasulidwa palafini ndi wabwino kuposa petulo chifukwa sagwira moto msanga, malinga ntchitoyo ichitikire panja, zitsulo zipukutidwe ziume, ndipo palafiniyo asakhudze thabwa. Mawu amenewa anandipweteka kuposa ena onse, popeza yankho linali m'nyumba mwanga kuyambira tsiku loyamba, pamwamba pa wadirobu.

Mfutiyo inakhala kwa mkuluyo milungu isanu. Zitsulo zinatenga masiku awiri okha, koma thabwa ndilo linachedwetsa, chifukwa poimika mfuti mpope uli m'mwamba, oilo yense amene ndinkathira ankatsikira pansi n'kulowa m'thabwa pamene limalumikizana ndi chitsulo, mpaka linada, linafewa ndipo linayamba kung'aluka. Anayenera kukoka mafutawo pang'onopang'ono, kuumitsa, kumata mng'aluwo, ndi kupaka kangapo mafuta a linseed, amene amapakidwa pamatabwa, kudikira kuti aume asanapakenso. Sipuling'i ya kamsomali inali itadyeka ndi dzimbiri ndipo anaikamo ina. Ndinalipira K95,000 pa ntchito yonse, kuonjezapo maulendo anayi a ku Limbe, ndipo m'milungu imeneyo ndinalemba anyamata awiri olondera kumunda kufikira titamaliza kukolola, amene anandidyera K40,000 ina. M'kati mwa mpope munatsala timaenje ta dzimbiri timene sitingachoke. Mkuluyo atayeza anati si takuya ndipo mfutiyo ingathe kuwombedwa, koma anandiuza mosabisa kuti dzinja lina limodzi m'thumba lija likanaipha, ndiponso kuti mpope wokumbika chotere umasunga litsiro msanga, choncho uzitsukidwa tsiku lomwelo ukawombedwa. Mbali imene ndinakwecha ndi sandipepa anaidetsako ndi mankhwala, koma mpaka lero imaoneka yosiyana ndi inzake.

Mafuta enieni a mfuti ndinawasowa m'masitolo amene ndinayendamo, ndipo ndinachita kutuma mlamu wanga amene amapita ku Johannesburg pa basi kukaoda katundu. Ndinazengereza kumupatsa ndalama mpaka kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo timabotolo tiwiri, kena kotsukira kena ka mafuta, tinandidyera ndalama zambiri kuposa zimene ndikanalipira miyezi iwiri m'mbuyomo. Komabe timabotolo timeneto sitinathe mpaka pano, chifukwa mafuta ofunika pa nthawi imodzi ndi madontho ochepa pakansalu. Muyeso umene mkulu uja anandipatsa ndi wakuti chitsulo chizioneka chonyezimira pang'ono, koma chala chikadutsapo chisanyowe.

Masiku ano ndisanayambe ndimathyola mfuti ndi kuyang'ana m'kati, zipolopolo ndimazisiya zotsekeredwa m'chipinda china, ndipo ndimagwirira ntchitoyi pakhonde la kuseri pamene mphepo imapita, nditavala magolovesi chifukwa zotuluka m'mpope zimakhala ndi mtovu, umene ndi woopsa makamaka kwa ana. Ndikamaliza ndimasamba m'manja ndi sopo ndisanagwire chakudya. Nsanza za mafuta a linseed sindiziunjika pamodzi, popeza zikamauma zimatentha zokha ndipo zimatha kuyaka. Ndimaziyanika panja chimodzichimodzi kapena kuziviika m'madzi. M'mpope ndimasiyamo mafuta ochepa posunga, koma ndisanapite kumunda ndimapititsamo kansalu kouma, chifukwa mafuta ochuluka m'mpope ndi pogona chipolopolo amakweza mphamvu ya kuphulika, ndipo akalowa m'chipolopolo amatha kuchilepheretsa kulira. Thumba lachikopa ndimangonyamulira paulendo. Kabati ndinaichotsa kukhoma la kunja, ndinaikamo timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel tonga timene timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo mfuti imaima mpope uli pansi, utatsamira pakathabwa koyera. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiponso m'masiku a chiperoni mu Juni ndi Julaye, ndimaitulutsa pakatha milungu iwiri iliyonse ngakhale sinawombedwe, ndipo pobwezera ndimaigwira ndi nsalu kuti thukuta la m'manja lisatsale pachitsulo.

Kabokosi ka bambo ndinakatsitsa pawadirobu, ndipo chingwe chawo chija ndi chimene ndimakokera tinsalu m'mpope, kuyambira kumbuyo kupita kukamwa. Mayi a kunyumba anandibwezera kabotolo ka mafuta a makina katatsala pang'ono kutha, ndipo ndinakaika m'malo mwake pambali pa timabotolo ta ku Johannesburg. Mphwanga uja atabwera patchuthi chaka chatha ndinamukhazika pakhonde, ndinamuuza zimene zikanatha kuchitika tsiku lija kumunda ndi chifukwa chake, kenaka ndinakweza mpope wotsuka kuloza kuwala kwa dzuwa kuti aone yekha timaenje tija.